Pepala la Nungu

1

Pakhoma la chipinda chimene ndimagwiriramo ntchito pali msomali wopanda kanthu. Alendo akafunsa ndimati panali kalendala. Limenelo ndi bodza. Panali pepala la m'felemu, ndipo linakhala pamenepo zaka zisanu ndi ziwiri. Lero ndaganiza zoti ndikuuzeni za pepalalo, za achimwene anga, komanso za masiku asanu ndi anayi amene ndinatseka pakamwa ndikudziwa zoona.

Ine ndine mzime kwathu. Makolo anatisiya ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye anandilera ndi achimwene, amene amandiposa ndi zaka khumi ndi zitatu. Ali ndi kashopu kokonzera makompyuta kuseri kwa msika: kutsogolo kauntala, kumbuyo kachipinda kopanda windo, mawaya ali lendelende paliponse. Ndinaphunzirira m'menemo. Anzanga akusewera panja, ine ndili pa mpando wothyoka msana, achimwene ataima kumbuyo kwanga.

"Werenga mokweza zimene walembazo, Mzime. Pakamwa pakachita nazo manyazi, ndiye kuti pali bodza penapake."

Panopa ndimayang'anira makompyuta pa kachipatala kena. Koma mtima wanga unali pa Mpanda.

Mpanda ndi pulogalamu yolondera mapulogalamu ena. Umaima pakhomo ngati mlonda: walowa ndani, akuloledwa kukhudza chiyani, watuluka ndi chiyani. Si wa kampani iliyonse. Aliyense angathe kuutenga, kuwerenga zamkati mwake zonse, ngakhale kuukonza. Oulemba ndi anthu ongodzipereka, omwazikana padziko lonse, ndipo ambirife sitinaonanepo maso ndi maso. Timadziwana ndi mayina ongodzipatsa. Achimwene ndi Mmisiri, mmodzi mwa amene anauyambitsa. Ine ndine Singano.

Poti ndi nkhani ya chitetezo, pali lamulo limodzi losapindika. Timalitcha la maso anayi. Wolemba sadzivomereza yekha. Pamafunika munthu wina, wosunga kiyi, awerenge mzere uliwonse n'kusainira. Kiyiyo ndi kachitsulo kangati chala, kobaya pa kompyuta posaina. Munthu mmodzi akhoza kulakwitsa, akhoza kunyengedwa. Awiri n'kovuta.

Kantchito kanga koyamba ndinakatumiza mobisa, osawauza achimwene. Ndinkafuna kumva kwa munthu wosandidziwa. Anakawerenga ndi wosunga kiyi wina wotchedwa Nungu, wodziwika ndi ukali, woti akakuyankha umayamba wamwa madzi usanatsegule uthenga. Anandilembera kuti: "Sindikudziwa kuti ndiwe ndani, koma uli ndi mutu. Usasiye."

Ndinasindikiza mawuwo n'kuthamanga nawo ku shopu. Achimwene anawerenga kawiri, nakanda chibwano.

"Nungu sayamikira wamba. Ine zaka zonsezi sanandiuzepo zoterezi."

Ndinagula felemu tsiku lomwelo.

2

Chaka china kuchipatala kwathu anabweretsa pulogalamu yatsopano yosungira mafayilo a odwala. Inali yachangu, anamwino anaikonda. Koma Mpanda unakana kuilondera. Pulogalamu iliyonse imayendera injini yake, monga galimoto, ndipo Mpanda unkadziwa injini ya mtundu umodzi wokha. Poumanga kalelo, achimwene anaulumikiza ndi injiniyo moti sungalekanitse. Ndiye mafayilo a odwala athu, ena a matenda oti ngakhale akazi awo sawadziwa, anali pambalambanda.

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo. Za makompyuta sadziwa, ngakhale foni yawo ikasokonekera amandipatsa ine. Ndinawafotokozera tikumwa tiyi m'mawa, ndikujambula ndi chala patebulo.

"Ndiye mukuti alamu anawotcherera injini ku thupi la galimoto?"

"Eya."

"Zaulesi zimenezo. Pamenepo pamafunika mabawuti. Yatopa, wamasula, waika ina."

"Ndi zimene ndikufuna kuchitazo."

Anaika kapu pansi. "Mukufuna kudula powotcherera pa alamu? Mayi, yambani mwadya, mukhute."

Zinanditengera miyezi khumi ndi inayi. Loweruka lililonse, ndi nthawi ya nkhomaliro kuntchito, ndinkadula pang'onopang'ono n'kumaika malo olumikizirapo, kuti injini iliyonse izibwera ngati chigawo chapadera, kulowa ndi kutuluka popanda kugwedeza Mpanda wonse. Nditamaliza ndinayesa ndi injini zitatu. Zonse zinayenda. Ndinavina ndekha m'chipinda cha makina mpaka mlonda wa pachipatala anasuzumira, kuyesa kwalowa njoka.

Mbali imeneyi timaitcha mtima wa Mpanda, ndipo osunga makiyi ake anali awiri okha: Mmisiri ndi Nungu. Nditatumiza, achimwene analemba pagulu kuti: "Singano ndi mlongo wanga. Sikoyenera kuti ndiwerenge ntchito yake. Ndasiyira Nungu." Anthu anawaombera m'manja. Mtsogoleri wathu, mayi wina wa kutali amene timamutcha Kapitawo, analemba kuti tonse titengerepo phunziro.

Ine ndinasangalala. Nungu anali munthu wanga.

3

Yankho linabwera patatha milungu itatu. "Sizinapse. Ganizanso."

Ndinaganizanso, ndinatumiza. Anati mayina a zigawo ndi aatali. Ndinafupikitsa. Anati tsopano sakumveka. Anati ndigawe ntchitoyo m'tizidutswa kuti iwerengeke bwino. Nditagawa, anati sangaweruze tizidutswa asanaone chinthu chonse. Anandibweza kakhumi ndi kamodzi. Ndipo dziwani kuti Mpanda umalandira zosintha zikuluzikulu kamodzi pachaka. Chipata chikatsekedwa, udikire chaka china.

Lamlungu lililonse tinkadya masana kwa achimwene. Nkhani yanga inali imodzi yomweyo, moti ana awo ankangoona ndatsegula pakamwa n'kuyamba kuimba, "Nungu, Nungu!"

"Achimwene, munthu ameneyu ndinamulakwira chiyani? Kapena anamva kuti ndine mkazi?"

"Ndi mmene alili, Mzime. Inenso amandizunza."

"Ndikadzamuona ndidzamuzula minga yonseyo umodziumodzi."

Alamu, akazi awo a achimwene, anaseka mpaka kutsamwa. "Mudzanditane, mlamu, ndidzakugwirirani miyendo."

Achimwene anandiwonjezera nyama m'mbale. "Pirira. Zikakanika, chaka chamawa si kutali."

"Odwala athu adikire chaka chamawa?"

Achimwene anatembenukira kwa amuna anga n'kuyamba za mpira.

Ndinkalira paphewa pawo, abale anga. Kulira kwenikweni, kwa mamina. Atandibweza kachisanu ndi chitatu ndinawauza kuti ndasiya, mwina mutu uja unatha. Anandiperekeza mpaka pa siteji atandigwira dzanja ngati mwana, nandiuza kuti amandinyadira, ndisamvere za munthu amene sanandionepo. Basi itanyamuka ndinawaona pa windo ataimabe pomwepo. Ndinati mumtima: kaya Nungu andide, ine ndili ndi achimwene.

4

Kutatsala milungu iwiri kuti chipata chitsekedwe, Lachiwiri m'mawa ndili kuntchito, uthenga wa Nungu unalowa. Ulendo uno anabwera ndi umboni. "Pa makina anga ntchito yako ikugwa. Taona." Pansi pake anamata zonse zimene kompyuta yake inalavula, mizere mazana awiri.

Anthu a ntchito yathu timachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Chinthu chikakana, umakopera zonse zili pa sikirini n'kutumiza kuti mnzako aone. Osamala amayamba afufuta mzere woyamba, chifukwa pamenepo pamakhala dzina la makina ako. Nungu zaka zonsezi ankafufuta. Tsiku limeneli anaiwala.

Ndinali kufunafuna cholakwa changa m'munsi, chala chili pa sikirini. Kenako maso anangokwera okha pamwamba. Dzina la makinawo linali Wachifuwa.

Dzina limenelo ndinapereka ndine. Inali kompyuta yoyamba kukhala yangayanga, ndipo kafani kake kankatsokomola ukangoiyatsa, kho-kho-kho, ngati nkhalamba yosuta fodya. Nditapeza ina, yakaleyo ndinapatsa achimwene kuti aziyeserapo zinthu m'kachipinda kakumbuyo kaja.

Ndinayesa kudzinamiza. Mwina anaipereka kwa kasitomala. Mwina Nungu amakhala mumzinda mwathu momwemuno. Mwina padziko pali wopenga wina amene amatcha makompyuta mayina a matenda. Namwino wamkulu analowa kudzanena kuti makina osindikizira akananso. Ndinamuyang'ana osamumva.

"Mwadwala kodi?"

"Ndituluke pang'ono, asisitala. Ndibwera."

5

Ndinafika ku shopu dzuwa lili paliwombo. Pa kauntala panali alamu, akumata manambala pa makompyuta a makasitomala. Achimwene anali atapita kukagula waya.

"Mlamu, Lachiwiri masana? Akuthamangitsani kuntchito?"

"Ndadzatenga chaja yanga."

Ndisanakankhe chitseko cha kumbuyo ndinamva kale. Kho-kho-kho. Sikirini inali yotseka. Koma pambali pa kiyibodi panali kamphete ka waya, ndipo pa kamphetepo panali makiyi awiri. Wina womata tepi yabuluu, wina yofiira. Wosunga kiyi amapatsidwa mmodzi basi.

Alamu anaima pakhomo. "Tinthu tawo timeneto musatigwire, amalusa nato. Ine tsiku lawo ndimalidziwira pomwepo. Akabaya wabuluuyo amalemba akuimba mluzu. Akabaya wofiirayo amaluma mlomo, ndipo tsiku limenelo sindiwapempha kanthu."

"Wofiirayu anayamba naye liti?"

"Iii, kale. Wachiwiri wathu uja asanayambe kuyenda."

Mwana ameneyo anali ndi zaka khumi.

Achimwene analowa waya ali paphewa. Anaona makiyi m'dzanja langa. Anauza alamu kuti kukauntala kuli munthu, ngakhale kunalibe, natseka chitseko.

"Moni, a Nungu," ndinatero.

Anakhala pa mpando wothyoka msana uja. Sanakane. Ndinkafuna akane, kuti mwina ndikhale ndi chokalipira.

"Wadziwa bwanji?"

"Simunafufute mzere woyamba."

Anatsinzina. "Zaka zisanu ndi zinayi osaiwala."

"Chikukupwetekani n'chimenecho? Kuti mwaiwala?"

"Khala pansi, Mzime."

"Ndiima."

Anayamba kulankhula akuyang'ana waya. "Amene ndinkawerengerana naye anasiya. Anangolemba kuti watopa, basi. Ndinapempha pagulu miyezi isanu ndi umodzi kuti wina aphunzire za mtimawu. Palibe anabwera. Nthawi imeneyo n'kuti nditapeza bowo loti akuba akanalowera, chotsekera chili m'manja, wosainira palibe. Ndikanatani? Ndinapanga Nungu. Ndinamulembera tintchito tingapo, ndinamuchitira umboni, Kapitawo anatumiza kiyi ku bokosi la kupositi. Ndinati kamodzi kokha."

"Ndiye zonse zimene mwalemba zaka zisanu ndi zinayi mwadzisainira nokha?"

"Ndinkawerenga kawiri. Ndi mtima wonse."

"Ndi maso omwewo!"

"Tsitsa mawu."

"Zipatala zikudalira maso anayi, achimwene. Masukulu. Ineyo ndinakauza abwana anga kuti Mpanda ngodalirika chifukwa palibe amadzivomereza yekha." Ndinawalozera makiyi aja. "Nanga ine? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Ntchito yako ndi yabwino. Ndinadziwa tsiku loyamba."

"Ndiye?"

"Ikalowa, anthu a injini zinazo abwera. Khumi, makumi awiri. Afuna makiyi. Awerenga zakale. Afuna kumuona Nungu pankhope, amve mawu ake. Iwe ukutsegula zitseko, Mzime, pamene m'nyumbamu muli munthu mmodzi. Ndinkafuna Nunguyo ndimupumitse kaye. Chaka chilichonse ndinkati chamawa."

"Ndiye munkandiwonjezera nyama m'mbale."

"Ndinkamva chisoni."

"Munkandigwira dzanja pa siteji."

Kafani kaja kanatsokomola. Tonse tinakayang'ana, ngati kali ndi chonena.

"Tamvera," anatero. "Mawa m'mawa Nungu asaina. Ntchito yako ilowa chipata chisanatsekedwe. Pakatha sabata alemba kuti wadwala, wapuma. Kiyi wofiirayu ndimuphwanya ndi hamala iwe ukuona. Palibe adzadziwe. Odwala ako atetezeka, ine nditsala ndi dzina langa. Ndinakulera, Mzime. Sindinakupemphepo kanthu."

Inu amene mwayamba kale kundimvera chisoni, werengani apa mofatsa. Sindinawaponyere makiyi aja kumaso. Ndinawaika patebulo bwinobwino.

Ndinati, "Isanakwane naini koloko."

6

Nditafika kunyumba ndinalowa m'chipinda changa kukaika chikwama, ndipo pepala lija linandiyang'ana. Ku shopu mkwiyo unanditseka mutu, sindinawerengere. Apa m'pamene zinandifika. Nungu anabadwa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Pepala langa linali la zaka zisanu ndi ziwiri.

"Sindikudziwa kuti ndiwe ndani."

Ndinakhala pansi pasimenti, nsapato zili kuphazi. Masiku onse amene ndinkafuna kusiya, ndinkayang'ana pepalalo n'kunena kuti kunjaku kuli munthu wosandidziwa, wopanda chifukwa chondinyengerera, amene anaona kanthu mwa ine. Kunalibe munthu. Anali achimwene, akuluma mlomo m'kachipinda kopanda windo, kenako n'kukanda chibwano pamaso panga.

Nungu anasaina isanakwane naini koloko. Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. Anthu a injini zina anati akhala akudikira zimenezi zaka zisanu. Mnyamata wina wa kutali analumikiza injini yachinayi m'masiku awiri okha. Lachisanu ndinayatsa Mpanda pa mafayilo a odwala athu, abwana anandigwira chanza pamaso pa anamwino onse. Ndinamwetulira mpaka masaya anawawa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri chidziwireni zoona, Nungu analemba kuti thupi silikumulola, wapuma. Anthu analira naye. Tsiku lotsatira Kapitawo anandilembera kumbali. Anati gulu lagwirizana kundipatsa kiyi wa mtima wa Mpanda, m'malo mwa Nungu. Kenako anawonjezera: "Anakutulukira ndi iyeyo. Lemba mawu omutsanzika, tiwaike patsamba loyamba."

Ndinayamba kulemba, musaganize kuti ndinakana. "Nungu anali wouma mtima, koma sananamizepo munthu." Ndinaika mizere itatu. Kenako ndinachita zimene ndimachita ndi chilichonse chimene ndalemba kuyambira ndili mwana. Ndinawerenga mokweza.

Sindinafike kumapeto kwa mzere woyamba.

Amuna anga anandipeza ndili choncho, iwo akuchokera kuntchito, manja ali bii. "Mayi, sabata yonseyi mwawina koma nkhope ngati mwaluza. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse. Anayamba kusamba m'manja.

"Ine ndikawotcherera geti la pasukulu," anatero, "n'kusaina ndekha kuti woyendera ntchito waliona, geti lija likagwera mwana, mlandu ngwa ndani?"

"Silinagwere munthu."

"Mwayang'ana?"

Anapukuta manja, napitiriza.

"Achimwene anuwo ndi alamu anga, ndimawakonda. Sindikuuzani chochita. Koma kiyi akukupatsaniyo mukamulandira, mwawotcherera limodzi."

7

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi ndinawaimbira achimwene.

"Thu koloko masana ndikumuuza Kapitawo. Lembani nokha ndisanatero. Zikachokera kwa inu zikhala zopepukirapo."

"Tinagwirizana, Mzime."

"Ndinalakwa kugwirizana."

"Kiyi ndinaphwanya kale. Zatha. Ukufuna chiyaninso?"

"Zimene munadzisainira zija zikadali momwemo. Palibe anaziwerenga."

"Ukundipereka chifukwa cha anthu oti sukuwadziwa n'komwe?"

"Inunso munandipereka kwa munthu woti kulibe."

Anadula foni. Ndinadikira mpaka thu koloko, ndikutsegula tsamba la gulu mphindi iliyonse. Sanalembe. Ndinadikiranso theka la ola. Kenako ndinatumiza: za mzere woyamba, za makiyi awiri, ndi za ine, kuti ndinadziwa ntchito yanga isanasainidwe ndipo ndinavomera.

Kapitawo anayankha mawu ochepa. "Zikomo. Zindipweteka, ndipo zikupweteka iwenso."

Sananame. Makiyi a Mmisiri ndi a Nungu anathetsedwa tsiku lomwelo. Chikalata chinaikidwa patsamba loyamba, pamalo pomwe pakanakhala mawu anga otsanzika, chofotokoza zonse, ndi masiku anga asanu ndi anayi omwe. Ntchito yanga anaizula, poti inalowa ndi siginecha yabodza. Za kiyi wanga sizinatchulidwenso. Ndinapita ndekha kwa abwana kukawauza kuti ndizimitsa Mpanda pa mafayilo aja, ndipo chaka chonse tinawasunga pa kompyuta yosalumikizidwa kunja, anamwino akuima pamzere, akunditukwana chamumtima.

Anthu khumi ndi awiri anadzipereka kuwerenga zonse za zaka zisanu ndi zinayi. Zinawatengera miyezi isanu ndi iwiri. Anapeza mabowo awiri. Limodzi linali laling'ono. Linalo linali loti munthu wodziwa akanatsegula nalo mafayilo a chipatala chilichonse chodalira Mpanda, ndipo linakhala pamenepo zaka zinayi. Achimwene sanaliike dala. Anangolidumpha kawiri, ndi maso omwewo.

Kubanja nkhani inafika mwa mtundu wina. Kumeneko za mabowo sazidziwa. Amadziwa zoti mzime, amene analeredwa ndi mchimwene wake, anamuvula pagulu. Azakhali anandiimbira kundifunsa ngati makompyutawo adzandiike m'manda. Alamu, amene ankati adzandigwirira miyendo, tikakumana pamsika amayang'ana tomato. Lamlungu timadya kwathu, awiriwiri.

Ntchito yanga inalowa chaka chotsatira. Anaiwerenga anthu atatu osandidziwa, ndipo ndinaonetsetsa kuti ndawaona nkhope zawo. Anandibweza kanayi. Chimodzi mwa zimene anapeza chinali chomwe chija Nungu ananena Lachiwiri lija, kuti pa makina akale ntchitoyo imagwa. Pamenepo Nungu sananame. Zimenezi zinandikwiyitsa kuposa zonse.

8

Mwezi wathawu, Loweruka masana, ndinamva kugogoda. Achimwene anali pakhomo atanyamula Wachifuwa, waya atamukulunga bwinobwino. Imvi zawachuluka. Anamuika pakhonde.

"Ndi wako. Kafani ndasintha, sakutsokomolanso."

"Lowani, mumwe tiyi."

"Ndasiya shopu yokha."

Anatembenuka. Ndinali nditakonza mawu ambiri miyezi yonseyi, ena opepesa, ena obaya. Onse anathawa, linatsala funso limodzi.

"Achimwene. Pepala lija. Munadziwa kuti ndine?"

"Pa mzere wachitatu. Umalemba ngati ine."

"Zoti ndili ndi mutu, munkanena zoona? Kapena munkangondisangalatsa?"

Anaima atandipatsa msana.

"Ndinakhala ndikukuuza zimenezo kuyambira uli ndi zaka khumi ndi ziwiri," anatero. "Unkati ndikunena poti ndine mchimwene wako. Ananena Nungu kamodzi, unagula felemu."

Anapita. Sindinawaitane.

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundiuze kuti ndinachita bwino. Amene amati ndinachita bwino sadziwa mmene Lamlungu limatalikira. Amene amati ndinalakwa sanaonepo fayilo ya wodwala. Achimwene anandinamiza ndi dzanja lomwelo limene anandilera nalo, ndipo mpaka lero sinditha kulekanitsa pamene panathera chikondi ndi pamene panayambira mantha awo. Inenso ndinawagulitsa kawiri: koyamba pamene ndinavomera bodza lawo chifukwa linkandikomera, kachiwiri pamene ndinaliulula. Ngati muli ndi wachibale amene mukumusungira chinsinsi chokhudza anthu ena, sindikuuzani chochita. Ndingoti chiwerengeni mokweza muli nokha, mumve ngati pakamwa panu papirire.

Pepala lija sindinalitaye. Lili m'dilowa, chafufumimba. Amuna anga anafuna kuzula msomali kuti apake penti, ndinawaletsa. Wachifuwa ali pansi pa tebulo langa, ndipo ndikamuyatsa amayenda mwakachetechete ngati watsopano. Ndimapezeka ndikudikira kuti atsokomole.